Nkhoswe Amene Bambo Anatola Pamsewu

Bambo anathira shuga m'tiyi wawo, anathiranso, kenako anayamba kutakasa ndi kumchira kwa supuni. Ine ndinaona, mayi anaona, ndipo tonse tinangoyang'ana mbatata zimene zinali m'mbale. Munthu amene ankatidzudzula tsiku ndi tsiku kuti shuga si mchenga wa mumtsinje, m'mawa umenewo anamwa tiyi wonga uchi osasintha nkhope.

Mayi anali atangonena kumene kuti abusa avomera kudalitsa ukwati wawo Lamlungu likubweralo, pamodzi ndi maukwati ena a akuluakulu amene anangolowana kumudzi osapita kutchalitchi. Mayi ankalakalaka zimenezi kuyambira ndili wamng'ono. Popanda dalitsolo sakanadya mgonero, ndipo sakanavala bulauzi yoyera ya amayi a mvano. Anzawo onse ankakhala kutsogolo atavala zoyera, iwo kumbuyo pafupi ndi khomo, kumene kumakhala ochedwa ndi ana olira. Koma abusa anati pakufunika chinthu chimodzi chokha: ankhoswe a mbali zonse ziwiri akaime kumbuyo kwa eni ukwati.

Inu mukuona ngati ndi nkhani yaing'ono. Ine sindine munthu wolankhulalankhula, kukoleji anzanga anatha teremu yathunthu akuganiza kuti ndili ndi chibwibwi, koma iyi ndiloleni ndiyambire kumutu, chifukwa nkhoswe wa bambo anga sanali nkhoswe wamba.

Bambo, a Fletcher, anafika ku Nazombe ali mnyamata kuchokera kutsidya, cha ku Milange, atanyamula pampu, masipanala ndi bulangete. Makolo awo anali atamwalira, abale atabalalika ndi nkhondo. Anapeza mtengo wa mthunzi pamphambano n'kuyamba kukonza njinga. Mayi, a Zelifa, analibe njinga, koma ankadutsa pamtengopo kawirikawiri popita kuchitsime chimene chinali mbali ina.

Bambo atafunsira mbeta, amalume anga a Eneya, mlongo wawo wa mayi, anati palibe vuto, mnyamatayo abwere ndi wamkulu wakwawo. Bambo anachita manyazi kunena kuti ali okhaokha padziko, ndiye anati amalume awo adzabwera kuchokera ku Milange. Tsiku la chinkhoswe linakwana. Panali mphasa ziwiri, mtsuko wa thobwa ndi nyemba za kalongonda zimene zinakhala pamoto kuyambira dzulo lake. Mayi anavala nsalu ya mkulu wawo. Bambo anavala jekete lobwereka kwa aphunzitsi, limene mikono yake inkalekezera pafupi ndi chigongono. Dzuwa linakwera, amalume a ku Milange osaoneka. Sakanaoneka, poti kunalibeko munthu wotero.

Bambo anati akukawachingamira. Anakaima kumsewu tambala ali m'khwapa. Woyamba kudutsa anali woledzera. Wachiwiri anali sisitere. Wachitatu anali munthu wamfupi wa mpata m'mano, akupalasa njinga yonyamula dengu la matemba. Bambo anamuimitsa n'kumufotokozera zonse. Munthuyo anafunsa funso limodzi, lakuti kodi tambalayo adyedwa lero lomwe.

Amene analipo amati sanaonepo nkhoswe wodziwa kulankhula ngati ameneyo. Anayedzamiritsa njinga yake pankhokwe, anakhala pamphasa, n'kufotokoza mmene analelera mnyamatayo kuyambira ali kumsana, ngakhale kuti dzina la mnyamatayo anachita kufunsa kawiri. Amayi ena analira. Anapereka tambala, analandira msoti, anadya ntchafu zonse ziwiri, anagulitsa matemba kwa alendo onse, kenako anakwera njinga. Chimene anasiya n'chakuti dzina lake ndi Tobias, wa ku nyanja ya Chilwa.

Mlungu usanathe zoona zinadziwika. Anthu ankayembekeza kuti amalume a Eneya athamangitsa mkamwini wabodzayo, koma amalume ndi munthu wa malamulo. Anaganiza masiku angapo, n'kugamula kuti wadya nkhuku ndiye nkhoswe, chifukwa nkhuku ikalowa m'mimba sibwerera m'khola. Anawonjezeranso kuti mfundo yomanga anthu awiri, mmodzi sangaimasule.

Apa ndi pamene panagona ukwati wa makolo anga. Bambo akalakwa, ndipo ankalakwa mwakhama, mayi ankamanga zovala zawo m'bulangete, kuika pakhonde, n'kunena kuti, "Bambo a Wilson, ukwati watha. Kaitaneni ankhoswe anu." Amalume ankabwera atanyamula mpando wawowawo. Bambo ankakwera njinga kulowera kunyanja. Pakapita masiku angapo ankabwerako ndi milamba yowamba, atapsa ndi dzuwa, n'kunena kuti a Tobias sanapezeke. Amalume ankanyamula mpando wawo, poti munthu mmodzi sangamasule. Mayi ankalandira milambayo, poti nsomba ilibe mlandu, koma ankanena momveka bwino kuti mlanduwo ausunga. Chaka chimene nyanja inauma, asodzi n'kubalalika, bambo ananenepa. Tinabadwa ana asanu ndi mmodzi, kuyambira achimwene a Wilson mpaka ine Eliness wotsiriza, mu ukwati umene unkatha chaka chilichonse.

Tsopano mwamvetsa za shuga uja.

Madzulo ake amalume anabwera. Anati mkulu wa mpingo wanena kuti ngati nkhoswe anamwalira, n'zololedwa kuika wina. Bambo sanadikire kuti amalize. Anati a Tobias anamwalira kalekale, Mulungu awalandire.

"Pamaliro munalipo, alamu?"

"Ayi, koma zinamveka."

"Manda munawaona?"

Bambo anati manda a kunyanja amamira. Amalume anati munthu amene manda ake sanaoneke ndi wamoyo, angokhala kuti wachedwa. Ndipo poti munthu savala choyera asanasambe, milandu yonse yosungidwa iyenera kumveka Loweruka, ankhoswe onse awiri alipo, kenako Lamlungu kutchalitchi. Mayi anavomereza. Anati ulendo uno bambo sapita okha, apita ndi Eliness, poti ali patchuthi ndipo boma linamuphunzitsa mapu.

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa, bambo panjinga yawo, ine panjinga ya achimwene. Aliyense wa ku Nazombe amadziwa kuti ukamapita kunyanja phiri la Michesi limatsala kumbuyo. Ife tinkalowera kuphiri. Ndinafuna kunena, koma mawu anakana kutuluka. Mwana wamkazi sauza bambo ake njira pamaso pa anthu, ndipo pamsewu anthu sankatha. Titayamba chitunda cha ku Fort Lister, njinga tikuchita kukankha, ndinalimba mtima n'kufunsa ngati nyanja ili kumeneku. Bambo anati iyi ndi njira yachidule ya amalonda, mapu a m'buku sangaidziwe.

Pamwamba pa mpata tinapuma. Bambo anandionetsa zipupa zakugwa za linga la atsamunda, n'kundifotokozera mbiri yake pang'onopang'ono, mwala uliwonse pawokha. Tinatsikira ku Phalombe, kumene bambo anakumbukira kuti kuli mnzawo amene anadwala chaka chatha ndipo sanakamuone. Mnzawoyo tinamupeza akuumba njerwa, wathanzi kuposa ife. Ku Migowi anaimitsa munthu wosamudziwa n'kumukonzera tcheni mwaulere. Dzuwa likupendeka ndinayamba kuona mitengo yoidziwa, kenako chigayo chochidziwa, kenako galu wathu. Tinali titazungulira phiri lonse la Michesi, ndipo tinafika kwathu kudzera kumbuyo kwa khola.

Mayi anali pakhonde akusankha nandolo. Anatiyang'ana, anayang'ananso nandolo wawo.

"Nyanja yasamukira kuphiri?"

Bambo anati njira zasintha kuyambira pamene kunabwera matipate.

Lachisanu mayi anati ine ndikhale kutsogolo. Tinadutsa Chiringa bwinobwino, tinalowa m'chigwa, phiri lili kumbuyo monga mwa chilengedwe. Ndiye tayala la bambo linaphwa. Anzanga, munthu amene wakonza njinga za Nazombe yense kwa zaka pafupifupi makumi atatu, amene njinga yake sinaphwepo ngakhale pa minga ya mthethe, tsiku limenelo tayala lake linkaphwa pamtunda uliwonse. Ankatulutsa chubu, kuchiviika m'chithaphwi, kufunafuna bowo, osalipeza. Ulendo wina ndinacheuka msanga ndipo ndinawaona atawerama, zala zili pa valavu, mpweya ukutuluka mwaulemu.

Ndinatsika, ndinakhala pachulu, n'kumawayang'ana. Kukhala chete ndi luso lokhalo limene ndili nalo, ndipo ndimalidziwa bwino. Bambo anapirira pang'ono, kenako anavula chipewa.

"Iwe Eliness, mayi ako saiwala. Mbuzi ija ndinasinthanitsa ndi wailesi yosalankhula, akuikumbukira mpaka mtundu wa ubweya wake. Munthu ameneyu akakakhala pampando, milandu yonse ituluka tsiku limodzi. Ine paja ndine mkamwini. Munda ndi wa mayi ako, nyumba ili padothi la mayi ako, ngakhale mango ndinadzala ine aja ndi a mayi ako. Akati nyamukani, ndilowera kuti? Ku Milange ndilibe ngakhale manda oti ndiloze."

Kukoleji anatiphunzitsa kuyankha ana, osati makolo. Ndinangonena chimene ndinkachiona Lamlungu lililonse, kuti mgonero ukayamba mayi amanamizira kufuna mpweya n'kutuluka panja, kuti anzawo asawaone atatsala okha pabenchi.

Bambo anayang'ana minda ya mpunga. Kenako anatenga pampu. Tayala silinaphwenso.

Tinafika padoko la Swang'oma masana. Kunali zisakasa za udzu, mabwato, utsi wowambira nsomba ndi ntchentche zimene zinatilandira ndi manja awiri. Apa kulimba mtima kwa bambo kunatha ngati mpweya uja. Anatsitsa chipewa mpaka pamphuno. Anayamba kufunsa asodzi motsitsa mawu ngati akudziwa munthu wina wamtali, woyera, wa mano okongola, amene dzina lake laiwalika. Asodzi anapukusa mitu. Bambo anatembenukira kwa ine ndi nkhope ya munthu amene wachita zonse zotheka.

Panalibe kuchitira mwina. Ndinasankha mayi wina amene ankayanika matemba pamphasa za bango, chifukwa ankaoneka wofatsa. Dzina lake anali a Belita. Ndinawerama n'kunong'oneza kuti tikufuna a Tobias, amfupi, a mpata m'mano, amene kale ankayenda ndi matemba ku Nazombe. Ndinapempha kuti zikhale zachinsinsi.

A Belita anaimirira, anaika manja m'chiuno, n'kukuwa mawu amene anadzutsa mbalame kutsidya kwa mabango: "A Tobias! Alendo anu a ku Nazombe!" Kenako anasuzumira pansi pa chipewa cha bambo n'kunena kuti awa ndiye amawadziwa, ndi kasitomala wawo wa milamba, amabwera chaka ndi chaka. Chodabwitsa chawo n'chakuti akafika pachisakasa cha a Tobias amadutsa chowerama ngati akudutsa pamanda.

Bambo anayamba kuyang'anitsitsa bwato lina, ngati akufuna kuligula.

A Tobias anatuluka m'chisakasa chimene chinali pafupi kwambiri, moti njinga zathu tinali titaziyedzamiritsa pamenepo. Anali atakalamba. Mpata wa m'mano uja unali utakula mpaka mano onse anatheramo. Atamva kuti ndife yani, anagwira bambo mapewa n'kuwatchula kuti mphwanga. Anaitana achinyamata amene ankasoka ukonde kuti abwere adzaone ndi maso awo.

"Awa ndi aja ndimakuuzani! Ine ndamanga maukwati ambiri panyanja pano, onse amandiitana mwezi usanathe. Koma umene ndinamanga ku Nazombe, zaka zonsezi, ngakhale kamodzi sunandiitanepo. Anthu okondana ndi amenewa."

Achinyamatawo anagwira bambo chanza ndi manja awiri. Mmodzi anafunsa chinsinsi chake. Bambo anati n'kupirira.

Tinagona kwa a Belita, ndipo Loweruka m'mamawa tinanyamuka. A Tobias anavala malaya awo abwino, anakhala pakaliyala ya bambo, dengu la matemba lili pamiyendo, poti anati munthu sapita ku ukwati chimanjamanja. Njira yonse ankaimba nyimbo za chinkhoswe. Bambo ankapalasa ngati mbuzi imene yasenza mpeni wake.

Tinapeza amalume atakhala kale pampando wawo. Ankhoswe awiriwo anapatsana moni wa anthu amene anasiyana dzulo. Nkhuku inaphedwa, inadyedwa, ntchafu zinapita kumene zinapitanso kale. Atasamba m'manja, amalume anati ngati pali kanthu kosungidwa, ino ndiyo nthawi yake. A Tobias anaseka n'kunena kuti pabanja ili sipangakhale kanthu.

Mayi anakonza nsalu yawo, anatambasula miyendo pamphasa, n'kuyamba.

Anayambira pa jekete la aphunzitsi lija, limene bambo analibweza litang'ambika, mayi n'kukapepesa ndi dengu la makaka a chinangwa. Anabwera pa mbuzi ndi wailesi. Anafika pa chaka chimene bambo anazula nandolo wawo n'kudzala fodya amene sanagulidwe. Anafika pa tsiku limene achimwene a Wilson ankabadwa, bambo atabwereketsa njinga kwa munthu wopita kumpira. Anafika pa chaka cha Napolo, pamene madzi ankatsika m'phiri, bambo n'kuthamangira kupulumutsa masipanala, apongozi awo ali m'nyumba. Mayi sankakweza mawu. Ankangotchula chaka, mlandu ndi mboni, ngati munthu wokolola chimanga mzere ndi mzere. Mlandu uliwonse ukatha a Tobias ankatembenukira kwa bambo.

"Mphwanga, zoona?"

"Zoona."

Mithunzi inasuntha. Anthu oyandikana nafe anabwera kudzabwereka mchere, osabwereranso. Nkhope ya a Tobias inkagwa pang'onopang'ono. Zinkaoneka kuti akuganiza zimene akawauze achinyamata akunyanja aja. Mayi atafika pa ulendo wa Lachinayi wozungulira Michesi, anapinda manja n'kunena kuti ya pamwamba ndi imeneyo.

A Tobias anayang'ana amalume, amalume anagwedeza mutu. Ndiye anatsokomola n'kulankhula, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Mayi, ine ndinamanga nawo, ndipo lero ndilipo. A Eneya alipo. Zimene mwanenazi, theka lake lokha limathetsa ukwati. Nenani inu mwini. Timasule?"

Bambo anagwira chipewa ndi manja onse awiri. Sankayang'ana mayi, ankayang'ana mitengo ya mango ija. Ine ndinapezeka ndikuwerengera m'mutu kuti kachipinda kamene adzandipatse kusukulu kumene ndidzaphunzitse kangakwane anthu awiri ndi njinga kapena ayi.

Mayi anatola kaudzu pamphasa, anakayang'ana, anakataya.

"Diresi ndasoketsa kale," anatero. "Telala sabweza."

Amalume anati yankho limenelo ndi lomveka mwalamulo. A Tobias anagamula kuti bambo alipe nkhuku ina, yoti adye ankhoswe chifukwa cha kutopa. Bambo anadzuka kukaigwira okha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akuthamanga.

M'mawa mwake, Lamlungu, bambo anadzuka tonse tisanadzuke. Anasesa pabwalo, anatunga madzi, anatenthetsera ankhoswe madzi osamba. Atasowa china chabwino choti achite, anakoleza makala m'simbi n'kutenga diresi la mayi kuti alisite. Bambo chibadwire anali asanasitepo chovala. Ine ndinatuluka nditamva fungo. Khala linali litagwera kumbuyo kwa diresi, m'munsi mwa chiuno, ndipo panali bowo loti dzira kulowa.

Mayi anabwera kuchokera kubafa. Ananyamula diresi, analowetsa chala pabowopo, chala chinatulukira mbali ina. Anapuma mozama, ndipo mawu anatuluka okha monga mwa zaka zonse.

"Bambo a Wilson, ukwati watha. Kaitaneni ankhoswe anu."

Bambo sanapite kunjinga. Analoza pakhonde ndi simbi ili m'manja. A Tobias anali pomwepo pamphasa, akumwa tiyi ndi chinangwa. Anaika kapu pansi, anapukuta pakamwa, anayamba kudzuka mokonzeka kugwira ntchito imene anaiyembekezera zaka zonsezi. Amalume anali atafika kale pampanda, mpando uli pamutu.

Mayi anayang'ana a Tobias, anayang'ana amalume, anayang'ana bambo.

"Inu a Tobias, khalani pansi, tiyi wanu azizira. Nkhani za m'banja musamazilowerere."

Analowa m'nyumba, anavala diresilo, anamanga chitenje pamwamba pake. Belu loyamba linali litalira kale, ndiye tinatseka chitseko n'kuuyamba wa kutchalitchi, bambo ndi mayi patsogolo, ankhoswe awiri pambuyo pawo, ine kumapeto nditasenza dengu la matemba.